Kulembetsa domeni yofanana ndi ya wopikisana naye pa malonda: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndi la eni mabizinesi, opanga mawebusayiti ndi otsatsa malonda amene akulingalira zogula dzina la domeni (adiresi ya webusayiti pa intaneti) loyandikana ndi la kampani ina, komanso amene angotulukira kuti wina wawachita zimenezi. Zambiri zikukhudza madomeni a .com, .net ndi .org, poti malamulo ake ndi amodzi padziko lonse. Pamene madomeni a mayiko akusiyana, tatchula.

Dzinalo palibe amene walitenga, ndipo kompyuta yandilola kuligula. Vuto lili pati?

Kompyuta ya registrar, kampani yogulitsa madomeni, imafufuza chinthu chimodzi basi: ngati zilembozo zili kale m'kaundula kapena ayi. Ikapeza kuti mulibe, imakuuzani kuti lipirani. Siyang'ana m'kaundula wa zizindikiro za malonda, ndipo palibe munthu amene amakhala pansi kuunika pempho lanu. Woyamba kufika ndiye amatenga.

Komatu pamene mukudina kabokosi kovomereza mgwirizano, mumalonjeza kuti, monga mukudziwira, dzinalo siliphwanya ufulu wa munthu wina, ndipo mumavomera kuti wina akadandaula nkhaniyo idzaweruzidwa motsatira UDRP, ndondomeko yothetsera mikangano ya madomeni. Udindo wofufuza uli pamutu panu.

Musanafunse za lamulo, dzifunseni izi: anthu amene adzalembe dzinali m'mafoni mwawo adzakhala akufuna yani? Ngati akufuna inu, kapena katundu wa mtundu umene mumagulitsa, palibe chokaikitsa. Ngati akufuna mnzanuyo, ndiye kuti phindu lonse la dzinalo lachokera ku thukuta lake, ndipo inu mukungodikira kasitomala wake aphonye chilembo. Zili ngati kuzika pamphambano chikwangwani cha dzina la sitolo ya mnzanu koma muvi wake n'kuloza ku sitolo yanu. Wolakwiridwa woyamba ndi wogulayo, amene adasankha kale kopita.

Kodi dzina limayamba kutchedwa lofanana likafika pati?

Njira zake n'zodziwika. Ena amachotsa chilembo chimodzi, kuchibwereza kapena kusinthanitsa ziwiri zoyandikana, mchitidwe umene umatchedwa typosquatting. Ena amaika kamzere pakati pa mawu, kapena kuwonjezera mawu monga malawi, mw, shop ndi online. Ena amasintha mathero okha: .co ndi ya Colombia, .cm ndi ya Cameroon, .om ndi ya Oman, ndipo zonsezi munthu amazifika akangophonya chilembo chimodzi polemba .com. Palinso zonyenga maso: r ndi n zikagundizana zimaoneka ngati m, nambala 1 imafanana ndi l, ziro amafanana ndi o. Mu 2017 katswiri wina wa zachitetezo cha pa intaneti adalembetsa dzina la zilembo za Cyrillic zokhazokha limene m'mabrawuza ena linkaoneka ndendende ngati apple.com. Mayina otere m'kaundula amayamba ndi xn--.

Kwathu kuno vuto limakula chifukwa cha kalembedwe. L ndi r timazisinthanitsa osazindikira n'komwe: wina alemba galimoto, wina garimoto. Ch ndi tch, h wa mu nkh ndi nth, Nkhotakota ndi Nkhota-kota, zonsezi anthu amalemba mosiyana. Komanso mabizinesi ambiri amadziwika kudzera pa wailesi kapena uthenga wa mawu pa WhatsApp, pamene dzina limamveka koma osaoneka. Kamzere kapakati sikamveka m'khutu.

Oweruza milandu ya madomeni kawirikawiri sawerengera mathero monga .com kapena .net poyerekeza mayina. Amangoona ngati chizindikiro cha wodandaula chikuzindikirika mkati mwa domeniyo. Chikamaoneka, mawu owonjezera aja sakupulumutsani pa mfundo imeneyi.

Nanga mawu wamba monga chimanga, feteleza kapena inshuwalansi? Ali ndi mwini?

Alibe. Wogulitsa feteleza akhoza kulembetsa domeni ya mawu amenewa ngakhale ogulitsa feteleza ena alipo mazana, bola aigwiritse ntchito pa tanthauzo lenileni la mawuwo. Mawu akuti apple pa webusayiti ya zipatso alibe mlandu. Pa webusayiti ya mafoni nkhani yasintha.

Kampani imene idasankha dzina longofotokoza ntchito yake iyenera kupirira oyandikana nayo. Mu 1946 khoti la House of Lords ku Britain lidagamula choncho pa mkangano wa mayina akuti Office Cleaning Services ndi Office Cleaning Association: mawu akakhala wamba, kusiyana pang'ono n'kokwanira. Komabe chikumbumtima chisagone apa. Ngati mawu ofotokoza malonda anu alipo khumi, ndipo inu mwasankha awiri okhawo amene mnzanu wakhala akulengezetsa pa wailesi zaka zambiri, chifukwa chake mukuchidziwa nokha, ndipo woweruza naye adzachiona.

Dzinalo ndi langa lobadwa nalo. A Banda ndi a Phiri tilipo ambiri. Ndisiye?

Ayi, munthu amene amadziwika kale ndi dzinalo ali ndi maziko. Uzi Nissan, wa bizinesi ya makompyuta ku North Carolina, adalembetsa nissan.com mu 1994. Kampani ya galimoto ya Nissan idamusumira mu 1999, mlandu udatenga zaka zambiri, koma domeniyo idakhalabe yake. Pamene adagwa m'pamodzi: khoti lidapeza kuti kuika pa webusayitiyo zotsatsa zokhudza galimoto kunali kuphwanya chizindikiro cha kampaniyo. Dzina lanu limakutetezani mukamachita zanu, osati mukayamba kukolola m'munda wa mnzanu.

Ngati nonse muli pa malonda amodzi m'dera limodzi, wobwera pambuyo ndiye awonjezere chomusiyanitsa: dzina loyamba, tauni kapena mtundu wa katundu. Sungani setifiketi ya bizinesi, malisiti ndi zotsatsa zakale zokhala ndi madeti. Kuthamangira kukalembetsa bizinesi kalata ya loya itafika kale sikunyenga aliyense.

UDRP n'chiyani, ndipo wodandaula ayenera kutsimikizira chiyani?

Ndi ndondomeko yothetsera mikangano ya madomeni imene ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, lidakhazikitsa mu 1999. Milandu yambiri imapita ku likulu la WIPO, bungwe la United Nations loona za zizindikiro za malonda ndi maufulu ena otere, ku Geneva, koma alipo ena ovomerezeka, monga Forum ya ku America ndi Czech Arbitration Court. Zonse zimachitika polemberana. Palibe wokwera ndege.

Wodandaula ayenera kutsimikizira zinthu zitatu, zonse pamodzi. Choyamba, domeniyo ndi yofanana kapena yosokoneza ndi chizindikiro cha malonda chimene iye ali nacho ufulu. Chachiwiri, wolembetsayo alibe ufulu kapena chifukwa chomveka chokhalira ndi dzinalo. Chachitatu, domeniyo idalembetsedwa ndi cholinga choipa ndipo ikugwiritsidwa ntchito ndi cholinga choipa.

Ndondomekoyi imapereka zitsanzo zinayi za cholinga choipa: kulembetsa kuti udzagulitse kwa mwini chizindikiro kapena kwa wopikisana naye pa mtengo woposa zimene udawononga, kumutsekereza kuti asakhale ndi domeni ya dzina lake, ngati uli ndi chizolowezi chotero, kulembetsa makamaka pofuna kusokoneza bizinesi ya wopikisana naye, ndi kukopa anthu mowasokoneza kuti upezepo phindu. Chachitatucho chidalembedwa ngati akunena za funso la tsamba lino. Wopikisana naye sangakane kuti dzinalo sankalidziwa, choncho kumugonjetsa pa mlandu kumakhala kosavuta kuposa kugonjetsa mlendo wa kutali.

Chizindikiro sichichita kukhala cholembetsedwa. Chosalembetsa chimavomerezeka, koma umboni wake ndi wolemera: zaka zimene mwachigwiritsa ntchito, kuchuluka kwa malonda, ndalama zotsatsira, nkhani za m'nyuzipepala.

Mlandu umayenda bwanji, umatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi ndalama zingati?

Dandaulo likafika, bungwe lomva mlandu limafunsa registrar kuti atsimikize mwini domeniyo. Registrar amaitseka pasanathe masiku 2 a ntchito kuti isasamutsidwe, ndipo amaulula dzina lenileni la wolembetsa ngakhale adalipira kuti libisidwe. Wodandauliridwa amapatsidwa masiku 20 oti ayankhe, ndipo akapempha amawonjezeredwa masiku 4. Woweruza akasankhidwa, chigamulo chimayenera kutuluka m'masiku 14. Kenako registrar amadikira masiku 10 a ntchito. Wogonja akapanda kuonetsa kuti wakatsegula mlandu kukhoti, chigamulo chimachitika. Zonse pamodzi ndi pafupifupi miyezi iwiri.

Ku WIPO, dandaulo la madomeni 1 mpaka 5 pamaso pa woweruza mmodzi ndi madola 1,500 a ku America, ndipo oweruza atatu ndi madola 4,000. Amalipira ndi wodandaula, pokhapokha ngati wodandauliridwa ndiye wafuna oweruza atatu, apo amagawana pakati. Malipiro a loya ndi apadera.

Chimene wopambana amapeza ndi domeni yokha: kusamutsidwira kwa iye kapena kufafanizidwa. Palibe chipukuta misozi. Sankhani kusamutsa, chifukwa domeni yofafanizidwa imabwerera pamsika ndipo wina akhoza kuigula mawa lake. Dziwaninso kuti zigamulo zimaikidwa poyera pa intaneti ndi mayina a mbali zonse. Banki kapena kampani yofuna kuchita nanu bizinesi ikafufuza dzina lanu, idzachipeza.

Sindinamizira kukhala iwo. Ndingolozetsa domeniyo ku webusayiti yanga, kapena kungoisunga. Palinso cholakwa?

Kulozetsa ndi umboni woonekeratu kuposa wina uliwonse. Wodandaula amangojambula kanema wa masekondi khumi: akulemba dzina lofanana ndi lake, akutulukira pa webusayiti yanu.

Mawu a m'munsi mwa tsamba onena kuti simuli paubale ndi kampani yakutiyakuti sathandiza kwenikweni. Munthu amawawerenga atafika kale, ndipo chomwe chamufikitsa ndi dzina la mnzanu. Tsamba limene registrar amaika pa domeni yopanda webusayiti nalonso ndi msampha: ma registrar ambiri amadzazapo okha zotsatsa, kompyuta n'kusankha zogwirizana ndi dzinalo, ndiye zimene zimatuluka ndi za opikisana ndi mwini chizindikiro. Oweruza amati mwini domeni ndiye ayankhe, ngakhale sadaziike yekha.

Kungoisunga osaikapo kanthu sikutchinjiriza. Pa mlandu wa Telstra, kampani ya mafoni ya ku Australia, ndi Nuclear Marshmallows mu 2000, woweruza wa WIPO adapeza cholinga choipa pa domeni telstra.org imene inalibe webusayiti, poona kutchuka kwa dzinalo, kudzibisa kwa wolembetsa, ndi kusowa kwa ntchito iliyonse yachilungamo imene akadaichita nayo. Mpaka lero oweruza amatsata maganizo amenewa.

Bwanji ndiwagulitse? Si malonda ngati ena onse?

Kugula ndi kugulitsa madomeni a mawu wamba ndi bizinesi yololedwa. Kugula dzina la munthu kuti adzakulipire ndi nkhani ina, ndipo makhoti adaitseka kalekale. Dennis Toeppen adalembetsa panavision.com, n'kuikapo zithunzi za tauni ya Pana ku Illinois, kenako n'kuuza kampani ya makamera ya Panavision kuti imupatse madola 13,000. Itakana, adalembetsanso panaflex.com, dzina la kamera yawo. Khoti la apilo ku America lidamugamula wolakwa mu 1998. Chaka chomwecho khoti la apilo ku England lidagamula mlandu wa kampani ya One in a Million, imene idalembetsa mayina a Marks & Spencer, Sainsbury, Virgin ndi British Telecom, ndipo lidati domeni yotere ndi chida chachinyengo ngakhale isanagwiritsidwe ntchito.

Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wotchula mtengo ndi wokwanira kukhala umboni.

Ngati UDRP silipiritsa, ndiye choopsa n'kungotaya domeni basi?

Ayi, makhoti alipo. Ku America lamulo la Anticybersquatting Consumer Protection Act la 1999 limalola khoti kulipiritsa madola 1,000 mpaka 100,000 pa domeni iliyonse. Mu 2008 kampani ya mafoni ya Verizon idapatsidwa madola 33.15 miliyoni pa mlandu wake ndi kampani ya madomeni ya OnlineNIC: madomeni 663, iliyonse madola 50,000. Lamulo lomweli limalola kusumira domeni yeniyeniyo kumene kuli kaundula wake ngati mwini wake sakufikirika, ndipo kaundula wa .com ali m'manja mwa Verisign ku Virginia. Kukhala ku Lilongwe kapena ku Chipata sikuika .com yanu kutali ndi khoti la kumeneko, ngakhale kuti njira imeneyi imangolanda domeni.

Ku Malawi mwini dzina akhoza kudalira Trademarks Act ya 2018 ngati chizindikiro chake n'cholembetsedwa. Ngati sichili, pali mlandu wa passing off, wochokera ku malamulo a ku England, umene umafuna zinthu zitatu: mbiri ya bizinesi yodziwika ndi dzinalo, kusokeretsa ogula, ndi kuluza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandiranso madandaulo a malonda osokeretsa ogula. Madomeni a .mw amayendetsedwa ndi Malawi SDNP, ndipo mfundo za kaundula ameneyu muziwerenge musanalembetse kapena kudandaula.

Amene muli ku Joni ndi ku Britain chenjerani ndi kusiyana kumodzi. Pa .co.za, malamulo a 2006 amangofuna kuti domeni ikhale idalembetsedwa mopondereza ufulu wa wina kapena ikugwiritsidwa ntchito motero, chimodzi n'chokwana. Ndi momwemonso ku Nominet, bungwe loyendetsa madomeni a .uk, kumene amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwiri kwaulere. Domeni imene mudaigula ndi mtima woyera ikhoza kulandidwa mukadzaipotoza pambuyo pake.

Chifukwa chiyani akatswiri amadandaula kwambiri za imelo kuposa webusayiti?

Chifukwa wosochera pa webusayiti amaona kuti wasochera n'kubwerera, koma wotumiza imelo sadziwa kanthu. Mwini domeni yofananayo akaika ma rekodi a MX, amene amalozera kopita imelo ya domeni, n'kutsegula bokosi lolandira chilichonse chotumizidwa ku domeniyo, imelo iliyonse yophonya chilembo imagwera kwa iye, ndipo wotumiza salandira uthenga woti yabwerera. Zogweramo zake ndi makotesheni, mitengo ya matenda, mainvoisi, zikalata za malipiro a antchito, ngakhale mapasiwedi.

Kukula kwake kudayesedwa. Mu 2011 ofufuza a Godai Group adalembetsa madomeni 30 ofanana ndi a makampani akuluakulu, ongosowa kadontho kamodzi, ndipo m'miyezi 6 adalandira maimelo opitirira 120,000. Mu 2023 zidadziwika kuti maimelo ochuluka opita kwa asilikali a America, amene adiresi yawo imathera ndi .mil, akhala akugwera ku .ml, domeni ya dziko la Mali.

Kuwerenga kotesheni ya mnzanu n'kutsitsa mtengo wanu kuti mupambane tenda si mpikisano. Ndi kutsegula kalata ya mwini. Ndipo apa mpamene akuba amalowera: amatumiza invoisi yooneka ngati yeniyeni kuchokera ku domeni yosiyana chilembo chimodzi, n'kunena kuti akaunti ya kubanki yasintha. Zikafika apo si nkhani ya chizindikiro cha malonda ayi, ndi ya apolisi, ndipo ku Malawi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ili ndi milandu ya pa kompyuta. Mwini domeni amene "amangofuna makasitomala ochepa" amavutika kufotokoza chifukwa chimene adatsegulira imelo pa dzina la mnzake.

Ndine ejenti, ndimagulitsa kapena kukonza katundu wa kampaniyo. Ndingaike dzina lawo mu domeni yanga?

Nthawi zina inde. Oweruza amatsata mfundo zinayi za mlandu wa Oki Data wa 2001, wokhudza okidataparts.com: muzigulitsadi katundu kapena ntchito ya dzinalo; pa webusayitiyo pakhale katundu wa dzinalo yekha; munene momveka ubale wanu ndi mwini chizindikiro; ndipo musasese madomeni onse a dzinalo. Ambiri amagwa pa yachiwiri, poika dzina lotchuka pakhomo koma mkati n'kumagulitsa za makampani ena. Werenganinso mgwirizano wanu wa uejenti, poti yambiri imaletseratu, kapena imati domeniyo ibwezedwe ubale ukatha.

Nanga webusayiti yodzudzula?

Wogula wokwiya amene sakupezapo phindu amamvedwa. Mu 2005 khoti la apilo ku America lidalola fallwell.com, webusayiti yotsutsa maganizo a mbusa Jerry Falwell, kukhalabe ndi mwini wake. Oweruza a UDRP ambiri salola domeni yofanana ndendende ndi chizindikiro, chifukwa imaoneka ngati ya mwini, koma amatha kulola yokhala ndi mawu osonyeza kudzudzula. Chitetezo chimenechi si cha wopikisana naye amene wavala malaya a kasitomala. Zikadziwika kuti ndi inu, pamwamba pa mlandu wa domeni pakhoza kubwera wa kuipitsa mbiri.

Domeni ya wopikisana nane yatha nthawi, sadalipire. Ndiitenge?

Dziwani kaye kuti siimasuka tsiku lomwelo. Pa .com, registrar amatumiza zikumbutso patatsala mwezi ndi patatsala sabata. Tsiku likadutsa pamakhala nthawi yofika masiku 45 imene registrar angaisunge, ndipo ambiri amaiika pa okushoni m'nthawi imeneyi. Ikafafanizidwa pamabwera masiku 30 oti mwini aiwombole pa mtengo wokwera, kenako masiku 5 odikira, ndiye imamasuka.

Kutha kwa domeni sikuthetsa ufulu wa mwini pa dzina lake. Ngati bizinesi ikuyendabe, kuitenga ndi kulembetsa kwatsopano kochitidwa mukudziwa bwino za chizindikirocho, ndipo oweruza saona bwino wopezerapo mwayi pa kuiwala kwa mnzake. Choopsa china n'chakuti domeni yakale imabwera ndi maimelo ake onse, kuphatikizapo mauthenga osinthira mapasiwedi a Facebook, a banki ndi a maakaunti ena amene adatsegulidwa ndi adiresi imeneyo. Mukaona yatha, aimbireni foni.

Ndine wopanga mawebusayiti. Bwana kapena kasitomala wandituma kulembetsa dzina lotere. Nditani?

Dzina limene lili m'kaundula ndi limene lidzaoneke pa dandaulo ndi pa chigamulo. Mukalembetsa mu akaunti yanu, wodandauliridwa ndinu. Afotokozereni abwanawo molemba, mwaulemu, kuti domeni ya madola khumi ndi kanthu ikhoza kubala mlandu wa madola zikwi, n'kuwapatsa mayina ena awiri kapena atatu oyera. Akaumirira, musaike dzina lanu.

Ndidziteteze bwanji ine?

Simungagule kuphonya kulikonse. Dzina la zilembo khumi lili ndi njira mazana zoliphonyera. Gulani zochepa zofunika: .com ndi .mw ya dzina lanu, lokhala ndi kamzere ndi lopanda, ndi kalembedwe kawiri kapena katatu kamene makasitomala anu amaphonyadi. Pofuna kukadziwa, tchulani dzinalo kwa anthu khumi amene sadalionepo, alembe papepala. Zonsezo muzilozetse ku webusayiti yanu ndi njira yolozetsa mokhazikika yotchedwa 301.

Pa madomeni osatumiza imelo ikani ma rekodi otetezera imelo, SPF ya v=spf1 -all ndi DMARC ya p=reject, kuti wakuba asatumize makalata m'dzina lawo. Domeni yaikulu ilembetsedwe m'dzina la kampani, osati la mnyamata amene adapanga webusayiti, ndipo imelo yolandirira zikumbutso isakhale ya pa domeni yomweyo, chifukwa ikatha zikumbutso zimathera limodzi. Lipirani zaka zingapo. Malire ndi 10. Khadi lolipirira likatha ntchito, kulipira kodzichitikira kumalephera mwakachetechete, ndipo madomeni ambiri amatayika motero.

Lembetsani chizindikiro cha malonda. Setifiketi ya bizinesi kapena ya kampani si chizindikiro cha malonda, ndipo ambiri amazindikira izi mlandu utayamba. Malawi ali m'mapangano awiri olembetsera zizindikiro m'mayiko angapo nthawi imodzi: Banjul Protocol ya bungwe la mayiko a mu Africa la ARIPO, ndi Madrid Protocol, imene adalowamo mu 2018, choncho ofuna chitetezo m'mayiko angapo ali ndi njira. Kamodzi pamwezi yendetsani pa dzina lanu pulogalamu yaulere ya dnstwist, imene imafufuza madomeni ofanana ndi yanu, ndipo fufuzani pa crt.sh, pamene pamaoneka masetifiketi a chitetezo operekedwa ku madomeni okhala ndi dzina lanu.

Wina wandichita kale. Ndiyambire pati?

Umboni choyamba, kulankhula pambuyo. Jambulani tsambalo deti likuoneka, jambulani kanema wa kumene likulozera, onani ngati ili ndi MX, sungani madandaulo a makasitomala amene adasochera, ndipo yang'anani pa Wayback Machine, webusayiti yosunga masamba akale a pa intaneti, zimene zidalipo kale. Pa lookup.icann.org mupeza registrar ndi tsiku limene domeniyo idalembetsedwa. Dzina la mwini nthawi zambiri limakhala lobisika kuyambira 2018, pamene lamulo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR lidayamba ku Ulaya.

Tsiku lolembetsalo ndi limene limagamula zambiri. Ngati domeniyo idalembetsedwa inu musanakhale ndi ufulu pa dzinalo, ku UDRP mudzagonja, poti munthu sangakhale ndi cholinga choipa pa chinthu chimene kunalibe. Wodandaula akudziwa zimenezi akhoza kulengezedwa poyera kuti amafuna kulanda domeni ya mwini mwaupandu. Pamenepo njira yachilungamo ndi kugula pa mtengo wogwirizana kapena kusankha dzina lina.

Ngati akuba ndalama kapena mapasiwedi, musadikire miyezi iwiri. Lemberani adiresi yolandirira madandaulo (ya abuse) ya registrar ndi ya kampani yosunga webusayitiyo, ndi umboni wanu. Kuyambira Epulo 2024 mgwirizano wa ICANN umakakamiza ma registrar kuchitapo kanthu msanga pa chinyengo chotere. Uzani banki yanu ndi apolisi, ndipo chenjezani makasitomala kuti asalipire ku akaunti yatsopano asanakuimbireni pa nambala imene akuidziwa kale. Ngati ndi mpikisano wauve chabe, kalata ya loya imathetsa milandu yambiri, koma ikhale itakonzedwa pamodzi ndi dandaulo, chifukwa wochenjezedwa akhoza kusamutsira domeniyo kwa mbale wake usiku womwewo.

Ndidalembetsa kale domeni yotere. Ndituluke bwanji?

Lero lomwe chotsani kulozetsa, zimitsani tsamba la zotsatsa, ndipo fafanizani ma rekodi a MX. Maimelo amene adagweramo musawagwiritse ntchito kapena kuwatumiza kwa antchito anu. Funsani loya za kasungidwe kake ngati mwalandira kale kalata, chifukwa kufufuta umboni mlandu uli panjira kuli ndi mavuto akeake.

Kenako lemberani mwini dzinalo kuti mwakonzeka kumupatsa. Ngati mukufuna kubwezeredwa kanthu, isapitirire ndalama zimene mudalipira kwa registrar, ndipo muonetse malisiti. Kusamutsa kumafuna kuti mutsegule loko wa domeniyo n'kumupatsa nambala yachinsinsi yosamutsira. Domeni imene yangolembetsedwa kumene kawirikawiri siisamuka kupita kwa registrar wina mpaka patatha masiku 60, koma mwini dzinalo akatsegula akaunti kwa registrar yemweyo mukhoza kuikankhira kumeneko. Musangoisiya kuti ithe yokha: pali makampani amene makompyuta awo amadikira madomeni ongomasuka kumene, ndipo amawagwira m'masekondi ochepa.